Mawu a Yotamu Anatsakamira mu Kompyuta

Kunyumba kwa apongozi anga kuli kompyuta imene siyaka, ndipo amene anaipha ndine. Sanandizenge mlandu, sanandilipiritse ngakhale nkhuku, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chimenecho. Munthu akakukalipira umapepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine anandithokoza, ndipo mpaka lero ndikusowa pobisa nkhope.

Ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya kuno ku Chintheche, ndipo ndinakwatira konkuno. Mkazi wanga ndi NyaManda, kwawo ndi mudzi wina kufupi ndi Bandawe. Kusukulu kwathu amanditcha katswiri wa makompyuta. Chifukwa chake n'chakuti ndine ndimataipa mayeso, komanso tsiku lina pulinta itakana ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, basi inayamba kugwira ntchito. (Ndinavomera dzinali mosavuta, ndipo mutu unayamba kukula kuyambira tsiku lomwelo.) Kenako ndinazolowera kuonera mavidiyo pafoni a anthu akumasula makompyuta. Ukaonera ambiri umayamba kumva ngati manja amene akumasulawo ndi ako.

NyaManda anali ndi mlongo wake, dzina lake Yotamu. Monga anyamata ambiri a kuno, anapita ku Joni kukasaka moyo, ndipo anamwalira komweko. Galimoto imene inabweretsa maliro inabweretsanso chikwama cha zovala ndi kompyuta imodzi, ija ya bokosi lalikulu ndi sikirini yake payokha. Zovala anagawana abale. Kompyuta anatenga bambo ake, ada Manda, amene akhala okha chimwalirire mayi a ana awo. Anaiika kuchipinda kwawo n'kuifunditsa chitenje.

Tsono mukudziwa mwambo. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi, ngakhale nyumba itayaka moto amayamba waima pakhomo n'kuodira. Mwana wamkazi wamkulu salowanso kuchipinda kwa bambo ake. Choncho kompyutayo inali pamalo amene ine ndi mkazi wanga sitikanapondapo.

Komabe tinkaiona. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkadzera kwa ada. Tikadya, iwo ankatsegula chitseko cha kuchipinda, n'kutembenuza sikirini kuti iyang'ane kubalaza, ife n'kukhala pamipando kuno kunja ngati anthu a ku vidiyo sho. M'kompyutamo munali kavidiyo kamene Yotamu anadzijambula. Wavala chijekete chachikulu, akuonetsa kachipinda kake, kasitovu kake, nsapato zake zatsopano. Akulankhula Chitonga, akupereka moni kwa aliyense mpaka agalu a pakhomo. Kenako amayang'ana kamera n'kunena kuti, "Ada, ndikadzabwera ndikufuna ndidza..."

Pamenepo chithunzi chinkauma. Yotamu ankatsala kukamwa kuli yasa, diso limodzi lili pakati potsinzina. Mawu ankamveka ngati kachiwala, kenako vidiyo n'kudumphira kutsogolo, iye akuseka, akutsanzika.

Ada sankadandaula. Chithunzi chikauma ankangoweramira kutsogolo, dzanja lili kukhutu, ngati mwina lero mawuwo atuluka. Akapanda kutuluka ankati, "Wapumulako kamana," n'kudikira kuti mwana wawo ayambenso kuyenda. Amene zinkamuvuta ndi ine. Sabata iliyonse ndinkaona nkhalamba ikutchera khutu pachabe, ndipo ukatswiri unkandiyabwa m'zala.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Ada, vuto la makinawa ndaliona," ndinatero. "Purosesa yake ndi yofooka."

"Vichi?"

"Purosesa. Ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamaganiza m'katimo, ubongo wake. Aka kakalamba, ndiye vidiyo ikafika polemera kamalephera kunyamula. Titaikamo kamphamvu, vidiyoyi ingayende bwinobwino."

Ada amanditcha asambizi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitonga. "Asambizi, mukuti mawu aja ali m'katimo?"

"Alimo, ada. Angotsakamira."

"Ndiye mukasintha ubongowo atuluka?"

"Onse," ndinatero ine, wopanda ngakhale kuphethira.

Pobwerera kunyumba NyaManda anadikira mpaka titafika pamsewu waukulu. Kenako anati, "Bambo a Wezi, mwalonjeza chinthu chachikulu." Ndinamuyankha kuti za sayansi azisiyira ife. (Amayi amene mukuwerenga, ndikudziwa chimene mwanena mumtima. Ndavomera.)

Tsono pano ndidziteteze pang'ono, chifukwa sindinachite zinthu mwachimbulimbuli. Ndinkadziwa kuti purosesa sugula ngati tomato. Imakhala pa bolodi lalikulu limene zinthu zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo, lotchedwa madabodi, ndipo madabodi iliyonse ili ndi kampando kake, soketi, kamene kamalandira mtundu umodzi wokha wa purosesa. Musanagule mumayenera kudziwa madabodi yanu. Njira yake ndi yapafupi: kutsegula bokosi n'kuwerenga nambala yolembedwa pa bolodipo.

Ndinapempha ada kuti aitulutse kompyutayo ndiitsegule. Anakana. Anati katundu wa malemu sangamangoyenda uku ndi uku ngati njinga ya kabaza, adzatuluka kamodzi, tsiku la ntchito yeniyeniyo. Ndinapempha kuti aitsegule okha. Anati manja awo ndi a ukonde, sangakhudze za m'mimba mwa makina. Kulowa ine sindikanayerekeza n'komwe kutchula.

Tinagwirizana za windo. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kuima pansi pa windo la kuchipinda, pakati pa chinangwa chonyika m'mabeseni, nditayang'ana kumbali kuti maso asalowe m'kati. Ada anavala magalasi n'kuyamba kundiwerengera zonse zolembedwa kunja kwa bokosilo, chilembo chimodzichimodzi, mokweza ngati akuwerenga mawu a Mulungu. Mayi wina wodutsa ndi ndowa anaima, anandiyang'ana, n'kufunsa mkazi wanga ngati amuna ake ali bwinobwino.

Nambala ndinaipeza. Ndinaifufuza pafoni, ndinapeza mtundu wa kompyutayo, madabodi imene imabwera m'bokosi lotero, soketi yake, ndi mndandanda wa mapurosesa amene imalola. Ndinasankha yamphamvu kuposa onse. Ndinadzimva kuti ndine munthu wadongosolo kwambiri. Chimene sichinandifikire m'mutu n'chakuti ndafufuza bokosi, osati zimene zili m'bokosimo.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu. Pa kashopu kena ka zipangizo zakale mnyamata wogulitsa anavundukula kabokosi ka mabisiketi kodzaza mapurosesa, anasanthula ndi chala n'kutulutsa yomwe ndinkafunayo. Anaikulunga m'pepala la nyuzi, anawonjezera kachubu ka phala lotuwa lopaka pamwamba pake kuti isamatenthe, n'kunena kuti, "Bwana, mukuoneka kuti mumazitsata." Ndinamukonda mnyamata ameneyo. Njira yonse yobwerera dzanja langa linali pathumba la malaya, ngati ndanyamula dzira.

Tsiku la ntchito ada anadzuka atavala jekete ndi tayi. (Mtonga sangalandire mwana wake wochokera ku Joni atavala zogonera, ngakhale mwanayo akubwera ndi mawu okha.) Anayala mkeka watsopano pakhonde, analowa kuchipinda, n'kutuluka atafukata kompyuta ija ndi chitenje chake chomwe. Ine ndinkayembekeza kuti tikhala atatu. Koma ada anali atalengeza. Kunabwera akulu a mpingo awiri, azakhali a mkazi wanga, ndi asodzi angapo amene anasiya maukonde awo pamchenga kuti adzamve zimene Yotamu ananena. Mkulu wa mpingo mmodzi anatsegula ndi pemphero, ndipo anapempherera manja anga powatchula.

Ndinamasula zomangira n'kuchotsa chivundikiro.

Abale anga, m'katimo munali dziko lina. Madabodi inali yaing'ono kuposa malo ake, yomangidwa ndi masikuluwu awiri ndi kawaya ka kopa. Fani inali ya mtundu wina, mawaya olumikiza ndi tepi. Zinaonekeratu kuti Yotamu sanagule kompyutayi m'sitolo. Anatola bokosi uku, bolodi uko, n'kumanga yekha pang'onopang'ono, monga amachitira anyamata athu kumeneko. Ndinapukuta fumbi pa bolodi n'kuwerenga nambala yake. Sinafanane ngakhale pang'ono ndi ija ya pawindo.

Ndinadziwa pomwepo. Ndisakunamizeni kuti sindinadziwe. Munthu wanzeru akanabwezera chivundikiro n'kunena kuti, "Ada, ndagula yolakwika, ndipatseni sabata ina." Mawu ochepa chabe. Koma ndinakweza maso n'kuona tayi ya ada, akulu a mpingo, asodzi atakhala chonjuta, ndi mkazi wanga ataima pamzati manja ali pachifuwa. Manja anga anali atangopemphereredwa kumene.

"Vili umampha, asambizi?" anafunsa ada.

"Zili bwino kwambiri," ndinatero.

Ndinachotsa fani, ndinakweza kachitsulo kotsekera, ndinatulutsa purosesa yakale n'kuiika pa sosala imene azakhali anabweretsa. Inayenda m'manja mwa anthu onse. Msodzi wina anaiyeza kulemera pachikhatho n'kunena kuti n'zoona, ubongo umenewu ndi wochepa.

Ndinatenga yatsopano n'kuiika pa soketi. Kukula kwake kunali chimodzimodzi, mtima unayamba kutsika. Koma sinakhazikike. Inkagwedera mbali imodzi. Purosesa imakhala ndi timipata tiwiri m'mbali, ndipo soketi imakhala ndi timano tiwiri ta pulasitiki tolowa m'timipatato. Anazipanga dala choncho kuti munthu wopusa asaike purosesa pamalo pamene si pake. Timano ta soketi ya Yotamu tinali pamwamba pang'ono, timipata ta purosesa yanga tili m'munsi pang'ono.

Anthu amene anapanga timanoto anaganizira munthu wopusa, koma sanaganizire mphunzitsi amene ali ndi lezala.

"NyaManda, tandipatseni lezala."

"La chiyani?"

"Pali tina tofunika kusalaza."

Anabwera nalo, ndipo pondipatsa anawerama n'kunong'ona, "Bambo a Wezi, ngati yakana isiyeni."

"Siinakane, ikuchita manyazi," ndinayankha mokweza, anthu n'kuseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandimaliza, chifukwa munthu amene waseketsa anthu sabwereranso m'mbuyo.

Ndinadula kadzino koyamba. Ndinadula kachiwiri. Purosesa inagona pansi bwinobwino, ndipo mkulu wa mpingo anati, "Ehe!" Ndinatsitsa kachitsulo kotsekera. Kanalimba. Ndinakanikiza ndi chala chachikulu, kenako ndi zala ziwiri, kenako ndinaikapo thupi. Panamveka kaphokoso ngati munthu waponda usipa wouma.

"Ndiye kuti yalowa," ndinalengeza.

Ndinapaka phala lija, ndinabwezera fani, tinakoka waya wa magetsi kuchokera m'nyumba. Ada anasendeza mpando wawo kufupi ndi sikirini, anakonza tayi, n'kuika dzanja kukhutu vidiyo isanayambe n'komwe. Ndinadina batani.

Fani inazungulira kamodzi n'kuima. Inazunguliranso n'kuima. Sikirini inali bii. Kenako kunabwera kafungo, kaja kamene kamamveka ayironi ikapsereza malaya.

Ndinazimitsa msanga. Ndinati mwina magetsi ndi ochepa mphamvu lero. Tsoka ilo, nyumba yoyandikana nayo wailesi inali ikulira mokweza, ndipo firiji ya azakhali, malinga ndi iwo eni, inali ikugwira bwino ntchito kuyambira m'mawa. Ndinati tibwezeremo yakale kaye kuti makina azolowere. Nditatsegula soketi ndinaona zimene ndinachita. M'katimo mumakhala timawaya tagolide tambirimbiri, tosongoka, toima mwandondomeko. Tonse tinali titagona, tina titathyoka, pakona pena pali chidindo chakuda. Ndinabwezera purosesa yakale, ndinadina batani. Ulendo uno ngakhale fani sinadzivute.

Asodzi ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira ukonde wake. Akulu a mpingo anati ali ndi odwala oti akawaone. Panalibe pemphero lotsekera.

Ada anatenga chitenje n'kufunditsa kompyuta ija, bwinobwino, akukonza m'makona. Kenako anati, "Yewu, akosanu. Mwayesetsa." Yewu ndiye kuti zikomo, akosanu ndiye kuti mkamwini m'chilankhulo chawo. Ndikanakonda akananditcha galu.

"Ada, vidiyo siinafe," ndinatero. "Imakhala mu kachipangizo kena, hadidisiki. Ndiloleni ndiitenge, ndikaitulutsa."

Anandiyang'ana, anayang'ana lezala limene linali pamkeka, n'kuyang'ana mwana wawo wamkazi. NyaManda anatola lezalalo n'kulowa nalo m'nyumba. Atatero ndi pamene ada anavundukulanso chitenje.

Lolemba nditaweruka ndinathamangira pa Chintheche, kwa anyamata amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Ali ndi kompyuta yamphamvu, yothamanga kuposa chilichonse chimene ndikanagula ku Mzuzu. Tinalumikiza hadidisiki ija, ndipo mwa chisomo cha Mulungu inatseguka. Vidiyo inalipo. Ndinatsala pang'ono kugwada pansi pamaso pa anthu. Ndinaganiza kuti ndapulumuka: kompyuta ndapha, inde, koma mawu ndipita nawo kwa ada m'thumba, ndipo m'tsogolo muno nkhaniyi tizidzaiseka.

"Taiyatsani," ndinatero.

Yotamu anatulukira ndi chijekete chake. Kachipinda, kasitovu, nsapato. Moni kwa agalu. Anayang'ana kamera. "Ada, ndikadzabwera ndikufuna ndidza..."

Chithunzi chinauma. Kukamwa yasa, diso pakati potsinzina, kachiwala kaja. Kenako akuseka, akutsanzika.

Tinabwereza. Chimodzimodzi. Mawa lake ndinaiika pa fulashi n'kukaiyesa pa laputopu ya kusukulu. Chimodzimodzi. Pafoni yanga, pafoni ya ahedi, pamalo omwewo. Vuto silinali purosesa, silinali madabodi, silinali kompyuta ya Yotamu. Foni imene anajambulira ndi imene inadumpha tsiku lomwelo ku Joni, ndipo mawuwo sanalowemo n'komwe. Kompyuta yosauka ija inkaonetsa mokhulupirika zonse zimene inapatsidwa, ine n'kuinamizira ukalamba.

Lolemba lija ndinakhala pa benchi panja pa shopu ya anyamata aja mpaka mwini wake anandifunsa ngati ndikudikira minibasi. Ndinalira pang'ono, ndivomere. Sindinkalirira makina ayi.

Madabodi ina ndinaifunafuna. Mnyamata wa ku Mzuzu uja anati za mtundu umenewo zinatha kalekale, ndidikire mwina wina abwera nayo kuchokera ku Joni. Purosesa yangayo anakana kuilandiranso, ati yapsa kumsana. Ili m'kabati kwathu, m'kapu imene timasungira mabatani.

Lamulungu lotsatira tinapita kwa ada. Ndinali nditaika vidiyo ija mufoni imene NyaManda anawagulira kalekale, ija ankangoyankhira. Njira yonse ndinkakonza bodza. Ndinkafuna kunena kuti mafoni nawonso ali ndi purosesa yofooka, kuti tsiku lina tidzapeza makina oyenera. Mkazi wanga anati, "Mukawanamizanso, ine ndikukasiyani komweko."

Tinakhala pabalaza. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka. Ndinagwada n'kuwapatsa foni, ndinawaonetsa podina. Anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi nkhope, magalasi ali pamphuno. Yotamu anayamba kulankhula, wamng'ono ngati chala. Atafika pamalo paja ada anasendeza foni kukhutu. Kachiwala kanalira.

Anatsitsa foni. "Nayonso iyi ubongo wake ngwakufoka?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali akuyang'ana pansi.

"Ayi, ada," ndinatero. "Ndayesa pa makina amphamvu. Mawuwo mulibe. Sanajambulike."

"Mulibe?"

"Mulibe."

"Olo ku Lilongwe sangawapeze?"

"Sangawapeze, ada."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapukuta sikirini ya foni ndi mpango wawo, ngakhale inalibe fumbi.

"Kale ndinkati alimo, akuchedwa waka," anatero. "Sabata iliyonse ndinkati panyake lero."

Kenako anasintha nkhani. Anafunsa za mwana wathu Wezi ndi sukulu yake, anafunsa ngati mvula yayamba ku Ntcheu. Potsanzika anatiperekeza mpaka pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse.

Masiku ano anzanga kusukulu akandifunsa za kusintha purosesa ndimawauza molimba mtima: tsegulani bokosi, werengani nambala ya pa madabodi ndi maso anu, musakhulupirire zolembedwa kunja, ndipo chinthu chikakana kulowa musatume munthu lezala. Amalemba, amandithokoza, dzina la katswiri likadalipo. (Sabata yatha ndinamva kuti pali pulogalamu yokonza mavidiyo oduka. Ndinayamba kumuuza NyaManda, anandiyang'ana kamodzi, ndinasintha nkhani.)

Kwa ada timapitabe Lamulungu lililonse. Chitseko chija satsegulanso. Tikadya amatulutsa foni m'thumba la jekete, ife n'kusendera pafupi. Yotamu amationetsa kasitovu ndi nsapato, amapereka moni kwa agalu, amayang'ana kamera. Akangoti "Ada," chala cha nkhalamba chimakhala chili kale pa sikirini. Amaimitsa okha asanafike pamalo paja, n'kubweza foni m'thumba.